Si tokeni iliyonse ili ngati ya magetsi

Wogulitsa zoziziritsa kukhosi, wometa tsitsi ndi wotchajitsa mafoni, onsewa amalidziwa liwu lakuti tokeni. Mayunitsi akatsala pang'ono kutha amathamangira kwa ejenti kapena amagula pa foni, ndipo uthenga umabwera ndi manambala 20. Manambalawo akangolowa mu mita, furiji imayambanso kulira. Palibe amene amaganiza kuti manambalawo ndiwo magetsi. Amangoimira magetsi amene alipiridwa, amagwira pa mita imodzi yokha, ndipo amagwira kamodzi. Wina atawakopera n'kukawayesa kwawo, mita yake iwakana.

Masiku ano liwu lomweli likumvekanso ku banki, m'mapulogalamu a pa foni oyankha mafunso, komanso m'magulu a WhatsApp momwe anthu amakopana kuti agule ndalama za pa intaneti. Poti dzina ndi limodzi, n'kosavuta kuganiza kuti chinthunso ndi chimodzi, ndipo akathyali amapezerapo mpata pomwepa. Tokeni zonsezi zimaimira chinthu china, koma chimene chimaimiridwacho ndi amene amachisunga n'zosiyana kutalitali.

Yofanana kwambiri ndi ya magetsi ndi tokeni ya khadi la ku banki. Khadi la Visa kapena Mastercard lili ndi manambala 16, mwezi ndi chaka chimene lidzathere ntchito, ndi manambala atatu kumbuyo. Pa intaneti zinthu zitatuzi nthawi zambiri zimakwanira kugulira katundu, khadilo lili m'thumba mwa mwini wake. Choncho paliponse pamene manambalawa adutsa kapena asungidwa pamakhala nyambo ya akuba. Mu 2013 akuba analowa m'makompyuta ndi m'makina olipirira a masitolo a Target ku America n'kutenga manambala a makhadi pafupifupi 40 miliyoni.

Chaka chotsatira, bungwe la EMVCo, lomwe eni ake ndi makampani akuluakulu a makhadi, linatulutsa ndondomeko ya matokeni, ndipo Apple Pay inayamba mu Okutobala 2014 ikutsamira pa njira imeneyi. Munthu akalowetsa khadi mu foni, kapena akalisunga pa sitolo ya pa intaneti yomwe imagwiritsa ntchito njirayi, kampani ya khadi imapereka nambala ina yooneka ngati ya khadi, n'kusunga nambala yeniyeni kwa iyo. Sitolo imatsala ndi nambala yobwerekayo. Pa nthawi yolipira, tokeni imapita ku kampani ya khadi, kampaniyo imayang'ana kuti ikuimira khadi liti, kenako imafunsa banki ngati ndalama zilimo. Tokeni imamangiriridwa ku foni imodzi kapena sitolo imodzi, ndipo malipiro aliwonse amaperekezedwa ndi chidindo chachinsinsi chogwira kamodzi. Wakuba akaitola, watola kiyi wa chitseko cha nyumba imene sangaifike. Foni ikabedwa, tokeni ya mu foniyo imazimitsidwa koma khadi limapitiriza kugwira ntchito.

Njirayi yafala ndithu. Ku India, kuyambira pa 1 Okutobala 2022, banki yaikulu inaletsa masitolo a pa intaneti kusunga manambala enieni a makhadi a makasitomala. Mu Juni 2024 Visa inalengeza kuti yapereka matokeni opitirira 10 biliyoni.

Wamalonda amene ali ndi makina a POS olandira makhadi ongogunditsa, makamaka m'malo ofika alendo ngati Cape Maclear ndi Nkhata Bay, tsiku lina adzaona mlendo akugunditsa foni kapena wotchi m'malo mwa khadi. Lisiti likatuluka, manambala anayi omaliza akhoza kusiyana ndi amene ali pa khadi la mlendoyo. Pamenepo palibe chinyengo, makinawo awerenga tokeni. Chofunika ndi chakuti makina avomereze malipirowo ndipo lisiti lisungidwe.

Koma tokeni siteteza khadi limene mwini wake walivula yekha. Wooda katundu akajambula khadi mbali zonse ziwiri n'kutumiza chithunzicho pa WhatsApp kwa munthu wa ku Johannesburg kapena ku Guangzhou kuti amulipirire, wapereka nambala yeniyeni, ndipo chithunzicho chitsala mu foni ya eni ake mpaka kalekale. Chimodzimodzi mwini malo ogona alendo amene amalemba manambala a makhadi m'kope la pa kauntala. Nanga nambala yogwira kamodzi ija imene banki imatumiza pa foni? Akuba amaifuna kwambiri, chifukwa nthawi zina ndi imene amatsimikizira nayo polowetsa khadi la munthu wina mu foni yawo. Zikatero tokeni imakhala yabwinobwino, koma ili m'manja mwa mbala. Woimba foni kupempha nambala imeneyi, ngakhale alankhule mwaulemu chotani, si wa ku banki.

Tokeni yachiwiri siimira ndalama konse, ndipo nkhani yake ndi yaifupi. Mapulogalamu ngati ChatGPT, imene inatuluka mu Novembala 2022, ndi Meta AI, imene inafika pa WhatsApp ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe mu Epulo 2024, sawerenga mawu athunthu monga achitira munthu. Amawaduladula kukhala tizidutswa, ndipo kachidutswa kalikonse ndi tokeni. Tizidutswato timasankhidwa potengera zilembo zimene zimaonekera pamodzi kawirikawiri m'zolemba zimene makinawo anaphunzitsidwira, ndipo zambiri mwa zolembazo ndi za Chingerezi. Kampani ya OpenAI imati pa Chingerezi matokeni 100 amakwana mawu pafupifupi 75. Chichewa chimalumikiza zambiri m'liwu limodzi. "Sindinakugulitsireni" ndi liwu limodzi lokhala ndi kukana, wogulitsa, nthawi, wogulitsidwira ndi ulemu womwe. Makina amene sanaone Chichewa chokwanira amalidula mosatsata tanthauzo, ngati wodula nsalu osayang'ana maluwa. Ofufuza a ku yunivesite ya Oxford anapeza mu 2023 kuti uthenga womwewo m'zilankhulo zina umadya matokeni ochuluka mpaka maulendo 15 kuposa pa Chingerezi.

Kwa wamalonda izi zili ndi mbali ziwiri. Makampani amene amamanga ntchito zawo pa mapulogalamuwa amalipira potengera matokeni, ndiye chilankhulo chodulidwa kwambiri chimakwera mtengo. Mbali inayo ili pafupi ndi thumba. Manambala nawonso amadulidwa m'tizidutswa, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mapulogalamuwa amaphonyera masamu uku akuyankha molimba mtima. Polemba uthenga wotsatsa malonda amathandiza, bola woulembetsayo awerengenso asanatumize. Koma phindu la pa belo la kaunjika ndi bwino liwerengedwe pa kakyuleta.

Tokeni yachitatu ndi imene imafuna kukhala nayo pansi, chifukwa ndi yokhayo imene munthu amauzidwa kuti aigule. Kuti imveke, ndi bwino kuyambira pa lisiti la nkhokwe, longa limene amapereka a Agricultural Commodity Exchange for Africa. Wamalonda akasungitsa matumba 50 a soya, amalandira lisiti limene angathe kugulitsa kapena kuikira chikole potenga ngongole. Pepalalo lili ndi mtengo chifukwa soya alipodi, anayesedwa pa sikelo, ndipo pali woyankha akasowa.

Blockchain ndi kaundula wosungidwa ndi makompyuta ambiri nthawi imodzi, moti n'kovuta kuti munthu mmodzi afufute kapena asinthe zimene zalembedwamo. Woyamba anali wa Bitcoin mu 2009. Ethereum itabwera mu 2015, zinakhala zosavuta kuti aliyense alembe tokeni yakeyake m'kaundulamo n'kunena kuti ikuimira dola, golide, nyumba kapena gawo la kampani. Kaundulayo amasunga mokhulupirika kuti tokeni yachoka kwa uyu yapita kwa uyo. Chimene sangachite ndi kupita ku nkhokwe kukawerenga matumba. Ndipo kupanga tokeni yatsopano sikufuna chilolezo kapena nkhokwe, wodziwa makompyuta amaipanga tsiku limodzi lisanathe.

Alipo matokeni okhala ndi mwini wodziwika. Banki yaikulu ya ku Zimbabwe inayamba kugulitsa matokeni oimira golide mu Meyi 2023, ndipo kampani ya BlackRock inakhazikitsa thumba la ndalama la matokeni pa Ethereum mu Malichi 2024. Koma yomwe imamveka kwambiri pakati pa ooda katundu kunja ndi USDT ya kampani ya Tether, imene imayenera kufanana ndi dola imodzi ya ku America. Chikoka chake n'chomveka. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo madola m'mabanki akhala akusowa. Munthu amene mpamba wake ukusungunuka ali maso amamvetsera aliyense wobwera ndi mawu oti dola. Komabe USDT si dola, ndi lonjezo la kampani kuti ili ndi chuma chokwanira kubweza dola pa tokeni iliyonse. Mu Okutobala 2021 bungwe la boma la America loyang'anira misika, la CFTC, linalipiritsa Tether chindapusa cha madola 41 miliyoni chifukwa chonena zosocheretsa pa za chuma chimene inali nacho m'zaka za m'mbuyomo.

Ena zinawaipira kuposa pamenepo. TerraUSD nayo inkalonjeza kufanana ndi dola, koma m'malo mwa madola okwanira inkatsamira pa tokeni inzake yotchedwa Luna. Mu Meyi 2022 ziwirizi zinagwera limodzi m'masiku owerengeka, ndipo chuma cha madola pafupifupi 40 biliyoni chinasanduka mphepo. OneCoin ndiye chikomekome cha mkuyu. Inafalikira m'mayiko ambiri, ku Uganda komwe, kudzera m'misonkhano ndi m'kukopana kwa abale ndi abwenzi. Anthu ankagula "maphunziro" n'kupatsidwa matokeni, ndipo wobweretsa anzake ankalandira kangachepe. Blockchain yeniyeni kunalibe. Oimira boma la America pa milandu amati anthu anaberedwa madola oposa 4 biliyoni, ndipo mwini wake, Ruja Ignatova, anasowa mu Okutobala 2017.

Wogula soya amapisa dzanja m'thumba asanalipire. Wogula tokeni angachite zofanana ndi zimenezo pofunsa kuti chinthu chimene ikuimira chili kuti, akuchisunga ndani, ndani wapadera anachiwerenga, komanso ngati angaibweze lero lomwe n'kulandira ndalama m'manja. Yankho likakhala loti adikire miyezi isanu ndi umodzi, kapena loti phindu lidzakula akabweretsa anzake atatu a mu msika, ndiye kuti ndalama zikuchokera kwa anzakewo. Banki yaikulu ya Malawi inachenjeza kale mu 2019 kuti ndalama za mtundu umenewu si ndalama zovomerezeka zolipirira m'dziko muno.

Ngakhale tokeni itakhala yoona, katumizidwe kake kali ndi msampha wake. USDT imayenda pa makaundula angapo, monga wa Ethereum ndi wa Tron, ndipo adiresi ya wolandira ndi mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala wopanda dzina la munthu. Wotumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba amaona dzina la wolandira, ndipo akalakwitsa nambala ali ndi poimba ndi ofesi yokadandaula. Khadi likagwiritsidwa ntchito mwachinyengo, banki imatha kutsatira malipirowo. Pa blockchain, tokeni ikapita ku adiresi ya munthu wina, imabwerera pokhapokha wolandirayo atafuna yekha kuibweza. Mawu achinsinsi 12 kapena 24 otsegulira chikwama cha matokeni akatayika pamodzi ndi foni, zonse zimene zinali m'chikwamamo zimatsala zolembedwa m'kaundula, aliyense akuziona, popanda wotha kuzitulutsa.