Masiku Oyamba a Mwana wa ku Thyolo ku Delhi

Anzanga ambiri a mu Folomu 4 amalakalaka kukaphunzira kunja, koma ndi ochepa amene amafunsa za moyo wa kumeneko. Tsono ndifuna kukufotokozerani zimene ndinamva kwa achimwene anga, mwana wa wothyola tiyi, amene anapita ku Delhi m'dziko la India.

Njira imeneyi si yachilendo kwa ife a ku Thyolo. Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965, ndipo isanatsegulidwe anyamata ophunzira bwino ankapita ku Fort Hare, ku Makerere kapena ku India. Malemu Bingu wa Mutharika, amene anabadwira m'boma lino mu 1934 nakhala mtsogoleri wa dziko kuyambira 2004 kufikira 2012, anaphunzira za chuma ku Delhi komweko.

Chinthu choyamba chodabwitsa mlendo ndicho nyengo. Kwathu mwezi wa June timavala majuzi chifukwa cha chiperoni, koma ku Delhi nthawi yomweyo kumatentha kupitirira madigiri 40. Kuzizira kumabwera mu December ndi January, pamodzi ndi nkhungu yambiri, pamene ife tili m'dzinja ndipo tiyi akuphuka kwambiri. Dzuwanso limafulumira: nthawi yawo ili patsogolo pa yathu ndi maola atatu ndi theka.

Chachiwiri ndicho chakudya. Nsima kulibe. Amadya mpunga ndi chapati, ndipo ndiwo zambiri ndi za tsabola. Masiku oyamba achimwene ankagona ngati sanadye, pakuti m'mimba mwa Mmalawi simukhulupirira mpunga. Koma anasangalala pozindikira kuti msuzi wina wotchedwa dal ndi nandolo wosenda, ndipo nandolo wambiri wa kuno kum'mwera amagulitsidwa ku India. Tiyinso amamwa kwambiri, koma samupanga monga ife. Amawiritsa masamba, mkaka, shuga ndi jinja mumphika umodzi, nagulitsa m'timakapu m'mbali mwa msewu.

Chachitatu ndicho chilankhulo. M'kalasi amaphunzitsa m'Chingerezi, koma katchulidwe kawo kamasiyana ndi kathu, kotero milungu yoyamba munthu amangomva theka la zonenedwa. Pamsika ndi m'basi anthu amalankhula Chihindi. Ena amayang'anitsitsa munthu wakuda, ndipo ena amanena mawu achipongwe, chinthu chimene chimapweteka mtima. Komabe alipo ambiri okoma mtima amene amalondolera mlendo njira.

Koma chovuta kuposa zonse, anatero achimwene, ndicho ufulu. Pano belu limatidzutsa, mapulifekiti amatilondola, ndipo aphunzitsi amaona makope athu. Ku yunivesite mphunzitsi amalankhula ola limodzi, natchula mabuku, nachoka. Palibe wokufunsa ngati wawerenga. Ndalama za mwezi wonse zili m'thumba mwako, ndipo ukazimwaza sabata yoyamba, amako ali kutali. Ngakhale za boma uyenera kuzikumbukira wekha: wophunzira wachilendo amayenera kulembetsa ku ofesi yoona za alendo pasanathe masiku 14 chifikireni.

Chimene chinawathandiza ndicho kufunsa. Anafunafuna ophunzira a ku Africa amene anafika kale, ndipo iwo anawasonyeza kogula ufa, kokwerera sitima ndi kopemphera. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Chinanso n'chakuti ku malayini a pa esiteti anazolowera kudzuka m'mamawa, kuchapa ndi kuphika okha. Zimene tinkaziyesa umphawi zinasanduka chuma.

Chifukwa chake ndinena kuti kukonzekera ulendo wotere sikuyambira pa bwalo la ndege la Chileka, koma pano pa sukulu. Tiyeni tiphunzire kuwerenga popanda wotikakamiza, kusunga ndalama, ndi kulankhula Chingerezi mopanda manyazi. Ngakhale amene adzapite pafupi pompa ku MUST, ku Ndata, imene inatsegulidwa mu 2014, adzapeza kuti belu kulibe. Makolo athu amathyola tiyi mvula ili pamsana kuti tiphunzire, ndipo n'chinthu chachisoni kubwerako chimanjamanja chifukwa cholephera kudzisunga.

Wophunzira wa mu Folomu 4