Mawanga pa Ndalama Zakale za Siliva

Lero tikambe za matiki, masikisi ndi masheleni amene makolo anakusiyirani m'zitini.

Poyamba yang'anani chaka. Ndalama za ku Britain ndi za ku Southern Rhodesia zimene zinkayenda mu Nyasaland zinali ndi siliva kufikira 1946. Kuyambira 1947 anayamba kuzisula ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Sheleni ya Malawi ya 1964, ya chimanga ija, ilibe siliva.

Siliva sachita dzimbiri monga khasu, koma amada akakumana ndi sulufule. Fungo lija la mazira owola lotuluka m'matope a m'dambo ndi sulufule ameneyo, ndipo alinso mu utsi ndi m'mphira. Mawanga obiriwira amachokera ku mkuwa umene uli m'ndalamamo, makamaka pachinyontho ndi pamchere, ndipo inu mudziwa kuti madzi a Chilwa ngamchere.

Tsono mverani: musakweche! Phulusa, mchenga ndi ndimu nzabwino pa mphika, koma pa ndalama zimadya nkhope yake ndi kusiya timizere tosafafanizika. Ku America kuli makampani, monga PCGS ndi NGC, amene amayesa ndalama zakale, kuzipatsa nambala kuyambira 1 mpaka 70, ndi kuzitsekera m'kabokosi koonekera. Akaona kuti ndalama inakwechedwa saipatsa nambala, ndipo mtengo wake umagwa. Wogula wodziwa amakonda yakuda yosakhudzidwa koposa yonyezimira yokalika. Ngakhale ndalama zotsekeredwazo zimatuluka mawanga oyera ngati mkaka, makamaka zosulidwa zaka zino. Mwini wanzeru satsegula kabokosiko, pakuti akatero umboni wa nambala ija watha.

Ngati ndalama ili ndi dothi, itsukuluzeni ndi madzi amvula oyera, muiumitse poigunditsa pansalu yofewa osapukuta. Gwirani m'mphepete, chifukwa thukuta la zala limasiya chidindo. Iliyonse ikhale payokha m'chitini chouma chotseka bwino, kutali ndi khitchini. Musamange ndi mphira, ndipo musakwirire pansi, poti kuno madzi akasefukira salonjera.

Inu mafumu, akabwera munthu wogula ndalama zakale m'mudzi, uzani anthu anu asafulumire. Zambiri zoperepeseka mtengo wake ndi wa siliva yekha, koma ayambe awerenga chaka ndi kufunsa ogula awiri kapena atatu.