Kompyuta Ikati Malo Atha

Mwatsegula laputopu usiku kuti mumalize asainimenti yofunika m'mawa, ndiye mukupeza kamzere ka diski ya C: kafiira. Windows imafiiritsa kamzereka malo otsala akachepera magawo 10 pa 100 aliwonse. Ambirife timathamangira kufufuta manotsi, pomwe fayilo ya Word kawirikawiri siifika ndi 1 MB yomwe. Mutha kutaya ntchito ya semesita yonse, kamzere kali chifiirire.

Yambani mwafufuza chomwe chadya malo. Lowani mu Settings, System, kenako Storage, muone mmene malowo agawikira. Pulogalamu yaulere ya WinDirStat imajambula fayilo iliyonse ngati kabokosi, moti yaikulu imaonekera patali.

Nthawi zambiri vuto limakhala foda ya Windows.old, yomwe imatsala mukachoka pa Windows 10 kupita pa 11. Imatha kupitirira 10 GB. Windows imayenera kuichotsa yokha pakatha masiku 10, koma pena imakakamira. Tsegulani Disk Cleanup, dinani Clean up system files, musankhe Previous Windows installations. Mukatero simungabwererenso ku Windows yakale.

Palinso hiberfil.sys, fayilo yobisika yosunga zomwe mumachita kompyuta ikalowa mu hibernate. Lamulo la powercfg -h off limaichotsa, koma ine ndimaisiya: magetsi akazima, batire n'kutha, ndiyo imapulumutsa ntchito yosasevedwa.

Zofufuta zomwe zalowa mu Recycle Bin zimadyabe malo mpaka mutaikhuthula. Foda ya System32 yokha musaikhudze, ngakhale mnzanu wa m'chipinda atalumbira kuti ilibe ntchito.