Kodi kanema wa m'foni amafika bwanji pa TV?

Mwina munaonapo achimwene kapena azakhali akudina pa foni, kenaka kanema amene anali pa kasikirini kakang'ono n'kutulukira pa TV ali wamkulu, aliyense pabalaza n'kumaonera. Chingwe palibe, ndipo maso sanaone kanthu kakudutsa. Nanga kanemayo wadzera pati?

Tiyambe ndi chithunzicho. TV ikakhala yoyaka, iyang'aneni pafupi ndi galasi lokulitsira zinthu. Muona kuti chithunzi chonse ndi timadontho tating'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere. Timadonthoti timatchedwa mapikiselo, ndipo kalikonse kali ndi tizigawo titatu towala: kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. TV ya mtundu wa Full HD ili ndi mizere 1,080, ndipo mzere uliwonse uli ndi timadontho 1,920. Amene mumakonda masamu chulukitsani, mupeza 2,073,600.

Foni sisunga chithunzi monga momwe agogo amasungira zithunzi zaukwati m'chikwama. Imasunga manambala onena kuti kadontho aka kawale chonchi, ako kawale chonchija. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Manambalawo sasankha sikirini. Akafika pa foni, foni imayatsa timadontho take. Akafika pa TV kapena pa pulojekita ya kusukulu, nazonso zimayatsa tawo. Funso latsala n'lakuti afika bwanji kumeneko.

Njira yakale ndi ya chingwe. Kuseri kwa ma TV ambiri kuli kabowo kolembedwa HDMI. Malamulo a chingwe chimenechi anatuluka kumapeto kwa 2002, ndipo chimanyamula zithunzi ndi mawu pamodzi. Mafoni ena amatha kutulutsa zithunzi kudzera pa kabowo kotchajira ka USB-C, koma si onse. Mafoni awiri angakhale ndi kabowo kofanana, ina n'kutheka, ina ayi, chifukwa zimadalira zida za m'kati.

Popanda chingwe pali njira ziwiri, ndipo anthu ambiri, ngakhale akuluakulu, amaziyesa imodzi.

Pa njira yoyamba foni imakopera chilichonse chimene chili pa sikirini yake n'kuchitumiza ku TV kudzera pa Wi-Fi. Mu 2012 bungwe la Wi-Fi Alliance linakhazikitsa njira yotereyi yotchedwa Miracast. Mafoni a Samsung amaitcha Smart View, pomwe a Apple ali ndi yawoyawo, AirPlay. Ubwino wa Miracast ndi wakuti foni ndi TV zimalankhulana zokha, ndiye zithunzi zimene zili kale m'foni mungazionetse popanda intaneti.

Koma ntchito imene foni imagwira pamenepa ndi yolemetsa. Kanema ndi zithunzi zambiri zosinthana mofulumira, kawirikawiri 30 pa sekondi imodzi. Chulukitsani 30 ndi timadontho tija, mupeza timadontho toposa 62 miliyoni pa sekondi iliyonse. Kutumiza tonseto m'mphepo n'kovuta, choncho foni imachita nzeru. Ngati m'kanema muli munthu akuyenda koma khoma la kumbuyo kwake silikusuntha, foni siibwerezanso za khomalo, imangotumiza zimene zasintha. Kuwerengetsa kumeneku kumadya nthawi pang'ono ndi batire yambiri. N'chifukwa chake foni imatentha, ndipo mukadina kanthu TV imachedwerako pang'ono kukaonetsa. Poonera zithunzi kuchedwako sikuvuta, koma pa gemu yothamanga kumakwiyitsa.

Chinanso, TV imaonetsa zonse. Uthenga wa WhatsApp ukalowa pa foni ya amayi, alendo onse pabalaza auwerenga. Musanalumikize foni ya munthu wina mwanjira imeneyi, mufunseni kaye mwini wake.

Njira yachiwiri ndiyo imandisangalatsa kwambiri. Mu July 2013 kampani ya Google inayamba kugulitsa kachipangizo kotchedwa Chromecast pa mtengo wa madola 35, kobaya pa kabowo ka HDMI kaja. Mukatsegula YouTube n'kudina kachizindikiro kooneka ngati TV yokhala ndi timafunde pa ngodya, foni situmiza kanema konse. Imangouza kachipangizoko kumene kanemayo ali pa intaneti, ndipo iko kamakadzitengera kokha. Njira yoyamba ili ngati mnzanu amene akukuwerengerani buku liwu ndi liwu, akasiya inunso mwasiya. Yachiwiri ili ngati mphunzitsi amene wangoti, "Tsegulani tsamba 40," inu n'kumawerenga nokha iye akulemba zina pa bolodi.

Mungayese nokha kuti mudziwe njira imene ikugwira ntchito. Kanema akusewera pa TV, pemphani mwini foni atsegule pulogalamu ina. Ngati TV nayonso yasintha, ndi njira yoyamba. Ngati kanema akupitirira osasokonezeka, ndi yachiwiri, ndipo foni yasanduka rimoti chabe. Google inasiya kupanga Chromecast mu 2024, koma luso lake lili m'kati mwa ma TV ambiri atsopano. Dziwaninso kuti TV ikamatenga intaneti kuchokera pa foni, bandulo imatha msanga, chifukwa sikirini yaikulu kawirikawiri imapempha kanema wa timadontho tambiri.

Tsopano taganizirani izi. Ngati foni ingakhale rimoti pamene TV ikuonetsa kanema, ndiye kuti masikirini awiriwa sakakamizidwa kuonetsa chinthu chimodzi. Amene amalemba pulogalamu ndiye amasankha chopita uku ndi chopita uko. Kuyambira mu 2012, pamene Android 4.2 inatuluka, olemba mapulogalamu anapatsidwa njira yoti pulogalamu imodzi izijambula zinthu ziwiri zosiyana, china pa foni, china pa sikirini yachiwiri. Mphunzitsi angaonetse chithunzi cha mtima wa munthu pa pulojekita, pomwe pa foni yake pali mawu omukumbutsa zoti anene ndi batani lopitira ku chithunzi chotsatira. Ophunzira saona mawuwo.

Kuchita zimenezi kumafuna kuganiza bwino. Foni ndi yaitali, TV ndi yotambalala, n'chifukwa chake mukangokopera sikirini ya foni yoimirira, m'mbali mwa TV mumatsala mdima. Foni mumaigwira m'manja, pomwe TV mumaionera patali, ndiye zilembo za pa TV ziyenera kukhala zikuluzikulu. Komanso TV yapabalaza simuikhudza ndi chala, choncho mabatani onse ayenera kutsalira pa foni. Wolemba pulogalamu waluso amadzifunsa kuti munthu wakhala pati, maso ake ali kuti, manja ake ali kuti.

M'galimoto funsoli limakhudza moyo. Android Auto ndi Apple CarPlay zimatenga mapulogalamu a m'foni n'kuwaika pa sikirini ya kutsogolo kwa dalaivala, koma osati momwe amaonekera pa foni. Mapu amakula, mabatani amachepa, ndipo uthenga ukalowa umawerengedwa mokweza kuti maso a dalaivala asachoke pa msewu. Nayo Samsung, mu 2017, inabweretsa DeX: mukalumikiza foni ku sikirini yaikulu, pamatuluka mawindo ngati a kompyuta, ndipo mungagwiritse ntchito kiyibodi ndi mausi.

Nthawi zina mudzalumikiza zonse bwinobwino, mawu n'kumamveka, koma TV n'kungoonetsa mdima. Musafulumire kunena kuti yawonongeka. Mapulogalamu ena a mafilimu olipira amakana dala kuti sikirini yawo ikoperedwe, poopa kuti anthu angajambule filimuyo n'kumaigawa. Zikatero yang'anani ngati m'pulogalamumo muli kachizindikiro ka TV ya timafunde kaja, chifukwa ambiri a iwo amalola njira yachiwiri. Ndipo ngati foni siikuiona n'komwe TV, choyamba kufufuza n'chakuti zonse ziwiri zili pa Wi-Fi imodzi.