Bwato Lakale ndi Mtengo Wace Weniweni

Pamene cimanga, thonje ndi nshawa zagulitsidwa, ndipo ndarama zalowa m'nyumba, alimi ena okhala m'mbali mwa Luangwa, Zambezi ndi Kafue amayamba kulingalira zogula bwato. Cifukwa cace n'comveka. Bwato limapha nsomba, limaolotsa anthu ndi matumba, ndipo pa dzinja, madzi akatseka njira, ndilo lokha lingathe kufikitsa wodwala ku cipatala. Koma latsopano n'lokwera mtengo, cotero maso a ambiri amagwa pa lakale limene lagona pa gombe, mwini wace nanena kuti likungofuna thabwa limodzi ndi phula pang'ono.

Mau amenewo nthawi zina amakhala oona. Cimene wogulitsa sachula ndico cakuti ndarama zoperekedwa m'dzanja lace ndi ciyambi cabe. Pambuyo pace pali mmisiri ndi zipangizo zace, palinso masiku amene bwato lidzagona pamtunda losapha kanthu.

Ziwerengero izi n'zongoyerekezera, pakuti mitengo imasiyana malo ndi malo, koma zionetsa m'mene ndarama zimathera. Munthu wapeza bwato la matabwa pa K6,000, pamene latsopano lofanana nalo lili K12,000. Ngolo yokalitenga yadya K500. Mmisiri wawerenga matabwa awiri, misomali, phula, utoto ndi nchito yace, zonse K2,500. Koma atakanganula matabwa aja wapeza nthiti zitatu zobvunda zimene sizinali kuoneka, ndipo izo zafunanso K1,500. Munthu uja watulutsa K10,500, ndipo cimene ali naco ndi bwato lakale ndithu, limene matabwa ace otsala adzayamba kupempha caka camawa. Zobisika zotere n'zimene zimagwetsa anthu, cifukwa cace wogula wanzeru amapita ndi mmisiri wace wace kukaona bwato, osati mbale wa wogulitsa, ndipo pa ndarama zimene mmisiri wachula amaonjezapo theka lina m'kuwerenga kwace. Zonse pamodzi zikayandikira mtengo wa latsopano, kuli bwino kudikira kukolola kwina.

Zilema za bwato sizilingana. Thabwa la m'mbali long'ambika limacotsedwa, lina nililowa. Mipata ya pakati pa matabwa imatsekedwa ndi thonje ndi phula. Izi siziyenera kuopsa munthu, koma zimthandize kutsitsa mtengo. Coopsa ndi mtanda waukulu wa pansi, ndiwo msana wa bwato, ndi thabwa lakumbuyo limene limasenza injini. Pamenepa pakabvunda, kukonza kwace ndi kupasula bwato lonse ndi kulimanganso. Kuyesa kwace sikubvuta: bwato litembenuzidwe cafufumimba, ligogodedwe ndi kanyundo kucokera kumutu kufikira kumbuyo, ndipo nsonga ya mpeni ilasidwe pamene nthiti zikomana ndi msana, pakuti madzi amakhala pamenepo. Mtengo wamoyo umalira ndi kukana mpeni. Wobvunda umayankha mogonthera, mpeni nulowa monga m'mbatata yophika. Mizere ya dzimbiri yotsika pa mitu ya misomali isonyeza kuti misomali yatha mkati. Utoto watsopano pa bwato lakale uyenera kukaikitsa, makamaka ukapakidwa pa malo amodzi okha.

Pali cinthu cimodzi cimene cimanyenga mbali zonse ziwiri. Bwato la matabwa limene lagona pa dzuwa la October limauma, matabwa nafota, ndipo tsiku loyamba kuliika m'madzi limalowa madzi monga dengu ngakhale lili labwino. Pakapita masiku awiri kapena atatu matabwa amatupa, mipata nitsekeka. Cotero tsiku loyamba silinena zoona. Bwato likhale m'madzi masiku atatu, likapidwe madzulo, ndipo m'mawa mwace wogula adzaone madzi amene alowa usiku. Wogulitsa wokana kuyesa kumeneku wanena kale zonse.

Za bwato losema palibe zambiri. Mng'alu woyenda m'litali kucokera kumutu sucira. Zigamba za malata zimangougwirira kanthawi. Afunsenso mtengo umene linasemedwa, pakuti mvunguti, ngakhale usemeka msanga, sukhalitsa monga mchenje kapena mtondo.

Mabwato a faiba, amene asodzi amawacha banana, ambiri amati sabvunda. Faiba yokha sibvundadi, koma m'mabwato ambiri otere muli thabwa lobisika mkati mwa cipupa cakumbuyo ndi pansi popondapo. Madzi akalowera pa ziboo za mabauti, thabwalo limaola mosaoneka. Wogula agwire mwendo wa injini naukankhe uku ndi uku. Cipupa cikagwedera kapena kuonetsa ming'alu m'ngondya, mkati mwafa. Pansi pofewa poponda, ndi kulemera kopambana ukulu wa bwato, zinena comweco. Ciboo ca m'mbali cimamatika bwino ndi nsaru ya faiba ndi mankhwala ace, koma pa malo ouma ndi opalidwa okha.

Injini ndiyo imadya ndarama kopambana zonse, ndipo kawiri kawiri mtengo wace uposa wa bwato. Iyesedwe m'mawa ili yozizira, cifukwa injini yotopa imanyamuka bwino ikatenthetsedwa kale wogula asanafike. Isalizidwe konse pamtunda popanda madzi, pakuti kampira kamene kamapopa madzi oziziritsa kamapsa mphindi isanathe. Ikamalira, kamtsinje ka madzi kayenera kutuluka kumbuyo mosadukiza. M'Luangwa, m'mene madzi amacepa m'cilimwe ndi kuyenda ndi mcenga, kampira aka kamatha msanga. Mwai wace n'kocepa mtengo. Koma mafuta a m'magiya akatuluka oyera monga mkaka, madzi alowamo, ndipo kukonza kwace kungakhale kwakukuru. Afunsenso kumene zitsulo zace zimagulidwa. Za Yamaha Enduro zimapezeka m'masitolo a ku Lusaka, koma injini ya dzina lacilendo ingagone miyezi cifukwa ca kacitsulo kamodzi.

Bwato liyeneranso madzi amene lidzayendamo. Limene linali lokwana m'madambo a Kafue silili lokwana pa Kariba, nyanja imene inadza ndi cipupa comalizidwa mu 1959, pamene pali mafunde akuru ndi mitengo yomira yoimirirabe pansi pa madzi. Pa boma la Luangwa, limene kale linali kuchedwa Feira, pamene Luangwa athira m'Zambezi moyang'anana ndi Zumbo wa ku Mozambique, madzi ndi otakata ndipo mvuu ndi ng'ona n'zambiri. Kumeneko thabwa likabooka pakati pa mtsinje, m'bwato muli matumba 10 a cimanga ndi ana a sukulu, cotayika si K6,000 ai.

Nthawi yogulira ingacepetse kutaya. Caka ndi caka Dipatimenti ya Nsomba imatseka usodzi m'mitsinje monga Luangwa ndi Kafue kuyambira pa 1 December kufikira kutha kwa February, kuti nsomba ziswane. Bwato logulidwa mu November lingakonzedwe m'miyezi itatu imeneyi popanda kutaya tsiku la usodzi. Koma ndiyo miyezi ya mvula ndi ya khasu, cotero pafunika cisakasa cofolera bwino, popeza phula, utoto ndi mankhwala a faiba sizigwira pa cinyontho. Ndipo ndarama za feteleza zisasanduke misomali.

Cotsala ndi umwini. Injini zimabedwa kwambiri m'madoko, ndipo wopezeka nayo ndiye amayankha mlandu, nataya injini ndi ndarama zomwe. Injini iri yonse ili ndi nambala yace pa kacitsulo ka pa cogwirira cace. Nambala yopalidwa kapena kacitsulo kocotsedwa n'zokwana kuthetsa malonda pomwepo. Malonda acitikire pamaso pa a mfumu a mudzi kapena mboni ziwiri, ndipo palembedwe kalata yochula tsiku, mtengo, nambala ya injini, nambala za ziphaso za onse awiri, ndi katundu yense wopita ndi bwato, monga nkhafi, thanki ndi zingwe. Wofuna kupha nsomba za malonda akaonekerenso ku ofesi ya Nsomba ya m'boma lace kukatenga laisensi m'dzina lace asanaponye ukonde pa 1 March.