Liu la Chingelezi "with" ndi Kaphunzitsidwe Kake m'Boma la Lundazi

1. Chiyambi

Anthu ambiri a m'boma la Lundazi amalankhula Chitumbuka, ngakhale kuti kulinso Achewa, monga a m'dziko la Mfumu Yaikulu Mwase. Chitumbuka sichili m'gulu la zinenero zisanu ndi ziwiri zimene boma la Zambia linasankha kuti ziziphunzitsidwa m'sukulu. Chigawo cha Kum'mawa chinapatsidwa Chinyanja. Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Chingelezi kukhala chinenero chophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo mfundo za 1996 zinalola kuti ana ayambe kuwerenga m'chinenero cha m'chigawo chao. Motero mwana wa ku Lundazi amakumana ndi zinenero zitatu. Cholinga cha nkhani ino ndi kusonyeza kuti kumasulira "with" kuti "ndi" kapena "na" kumasokeretsa mwana ameneyu.

2. Tanthauzo la "with"

"With" ndi mperekezi. M'Chingelezi chakale liuli linkatanthauza kutsutsana, pamene kukhala pamodzi kunkasonyezedwa ndi "mid", limene latsalira m'dzina lakuti "midwife", mzamba. Tanthauzo lakalelo likumvekabe mu "withstand", kupirira polimbana ndi chinthu. Masiku ano ntchito zake zazikulu ndi izi:

(a) kukhala pamodzi: "She came with her aunt."
(b) chipangizo: "He cut it with a knife."
(c) mchitidwe: "Carry it with care."
(d) maonekedwe: "a man with a beard."
(e) kulimbana: "He fought with his brother."

3. Kufanizira ndi Chinyanja ndi Chitumbuka

Pa (a) ndi (b) zinenerozi zimagwirizana: "Anabwera ndi azakhali ake", "Anadula ndi mpeni." Koma pa (c) Chinyanja chimati "Nyamula mosamala", ndipo pa (d) chimati "mwamuna wandevu". Pa (e) kulimbanako kwagona mu msintho wa mneni -an-, monga mu "anamenyana", osati mwa mperekezi.

Vuto lalikulu lili mbali inayo. "Ndi" amagwira ntchito zimene "with" sagwira. Ndi mlumikizi mu "nsima ndi ndiwo", pamene Chingelezi chimafuna "and". Amasonyeza wochita mu "Analumidwa ndi galu", pamene pamafunika "by". Amasonyeza umwini mu "Ndili ndi ana awiri", pamene pamafunika mneni "have". "Na" wa Chitumbuka amachitanso chimodzimodzi: "Wakalumika na ntcheŵe", "Nili na ŵana ŵaŵiri."

Apa ndipo pali gwero la ziganizo zonga "He was bitten with a dog" ndi "I am with two children". Chiganizo chachiwirichi n'cholondola pa malamulo, koma Mngelezi amamva kuti wolankhulayo ali pamodzi ndi ana awiri pa nthawiyo, osati kuti anawabala. Tiyenera kuzindikira kuti ku Lundazi Chinyanja sichingamuwongole mwanayo, popeza chimatsimikiza zomwe Chitumbuka chamuphunzitsa kale kunyumba. Cholakwacho sichichokera ku ulesi ai; mwanayo akutsata lamulo limene zinenero zake ziwiri zimavomerezana.

4. Malangizo kwa Aphunzitsi

Poyamba, mphunzitsi asalembe pabolodi kuti "with" ndiye "ndi". Ayambe ndi ziganizo zinayi za Chinyanja zokhala ndi "ndi", alole ana kuzinena m'Chitumbuka, ndipo kenaka aonetse kuti Chingelezi chimazigawa pakati pa "with", "and", "by" ndi "have". Chachiwiri, "by" aphunzitsidwe pamodzi ndi mneni wochitidwa, poyerekeza "bitten by a dog" ndi "beaten with a stick": galu ndi wochita, ndodo ndi chipangizo. Chachitatu, pochonga mayeso, zolakwa zoterezi aziwerenge ngati vuto limodzi lofuna phunziro limodzi, m'malo mochotsa malikisi pa chiganizo chilichonse popanda kufotokoza chifukwa chake.