Kodi M'bokosi la Zobvala Kwanu Muli Ciani?

Kwathu ku Mtakataka amai ali ndi bokosi lalikulu la citsulo limene likhala kunsi kwa kama. Ife ana sitinkaloledwa kulikhudza, pakuti m'menemo munkasungidwa zobvala zonse zimene zinatithina, pamodzi ndi zina zimene amai ankati nzosayenera kubvala masiku wamba. M'mwezi wa Marichi caka ca 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, analengeza ku chalichi kwathu kuti ali yense abwere ndi cobvala cothandizira anthu amene anangotsala ndi nsaru ya m'thupi yokha. Madzulo ace amai anatsegula bokosi lija mokondwa. Pfungo limene linaturuka m'menemo sindidzaliiwala. Majuzi atatu anali zibowo zokhazokha, malaya anga oyera a ku pulaimale anali atacita cuku, ndipo nsaru ziwiri za pansi zinangong'ambikira m'manja. Pa zobvala zodzaza bokosi, tinapereka zisanu zokha.

Tsono, anzanga, ndifuna kulongosola cimene cinaononga zobvalazo, ndi zimene timacita kwathu kuyambira caka cimeneco.

Kuno ku cigwa, kuyambira ku Golomoti kufikira ku Mua, nkotentha ndipo m'dzinja mpweya umakhala wonyowa. Nsaru yopindidwa ndi kutsekeredwa miyezi yambiri m'malo otere imayamba cuku, maka-maka ngati inaikidwa isanaumitsitse. Za njenjete ambiri timalakwa. Kagulugufe kamene timakaona kakuuluka sindiko kamene kamadya nsaru iai. Iko kamangoikira mazira, ndipo timphutsi toturuka m'mazirawo ndito timaboola, pofuna ubweya ndi malo amene panatsalira thukuta kapena msuzi. Ndico cifukwa cace majuzi ndiwo ayamba kutha. Mphemvu nazo zimathandizira, ndipo bokosi likakhala la matabwa, ciswe sicicedwa kulipeza.

Cotero mvula ikatha, ca m'Meyi, amai amasankha Loweruka la dzuwa, ndipo timaturutsa zonse ndi kuziyanika pa cingwe. Kenaka ali yense amayesa zace. Pamenepa pamakhala phokoso ndithu, pakuti mlongo wanga sabvomera msanga kuti diresi lamuthina, angakhale likulekeza pamwamba pa maondo. Lamulo la amai nlakuti cimene sicinabvalidwe caka cathunthu cisabwererenso m'bokosi. Zong'ambika pang'ono timasoka tokha, kapena kupita nazo kwa telala. Zotheratu sizitayidwa: zimasanduka nkhata, zigamba, zopukutira ndi mpira wa ana. Zotsala timacapa ndi kusita ndi simbi ya makala, popeza kutentha kumapha mazira aja, ndipo pobwezera m'bokosi timaikamo masamba ouma a nimu.

Nchito yobvuta ndiyo kupereka. Munthu angaganize kuti wosowa adzalandira ciri conse, koma si tero. Amai amati cobvala cimene iwe ungacite naco manyazi pa mseu usampatse mnzako. Ciyenera kukhala cocapa, cokhala ndi mabatani onse, ndipo cipite madzulo, m'manja mwa kholo, osati pa maso pa ana ena. Ine ndinaphunzira zimenezi mocedwa. Ndinapatsa msuweni wanga kabudula wa yunifolomu, ndipo tsiku lina pa mpira ndinanena moseka kuti, "Taonani kabudula wanga akuthamanga." Anyamata onse anaseka. Iye anabvula kabudulayo madzulo omwewo, ndipo anakhala sabata yathunthu osapita ku sukulu, popeza wina analibe. Kufikira lero nkhaniyi ndikaikumbuka ndimamva kutentha ku nkhope.

Tiyeneranso kuganiza kumene cobvala cidzagwira nchito. Juzi kuno tibvala masiku owerengeka a Juni ndi Julai, koma mukakwera mseu wa Khwekhwelere kupita ku mtunda kwa Dedza, ana amapita ku sukulu akunjenjemera. Majuzi athu tsopano amapita kwa amai ang'ono kumeneko, ndipo iwo potsika amatitengera mbatata ya kacewere.

Agogo poyamba sanakondwere nazo. Iwo amaopa kuti cobvala cimene cinamwa thukuta lako cikapita kwa munthu wa mtima woipa, angadulepo kansaru ndi kukucita cipongwe. Ine sindikhulupirira zimenezi, koma sindinawatsutse. Ndinangowakumbutsa kuti malaya amene iwo amawakonda anagulidwa pa kaunjika ku msika wa Golomoti, ndipo mwini wace woyamba ali kutsidya kwa nyanja, sitimdziwa nkomwe. Anaseka nati mzungu sadziwa kukhwima. Pomaliza tinapangana kuti zobvala zao zizipita kwa abale okha. Kaunjika yemweyo ndiye wacititsa kuti mabokosi athu azidzaza msanga. Agogo amati makolo ao ankasula nyanda ya khungwa la mombo, ndipo munthu wokhala ndi nsaru ziwiri ankayesedwa wolemera.

Pali zobvala zina zimene mwana sayenera kuzigawa yekha, ndizo za munthu womwalira. Pa mwambo wathu zimenezi zimagawidwa ndi akulu a banja maliro atatha. Pansi peni-peni pa bokosi lathu pali jekete lakuda la malemu agogo aamuna, limene atsibweni anati lisungidwe kufikira ine nditakula. Caka ciri conse ndimaliyesa pamodzi ndi zinazo. Caka cino mapewa anakwana, koma manja akali aatali, cotero amai analiyanika, nalisita, nalibwezera m'malo mwace.